Malaya Oledzera

Uthenga unandipeza ndili ndi thovu la sabau mpaka m'zigongono, ndikuchapa pansi pa mtengo wa masau, dzuwa la ku Tete likundiwotcha pamsana monga limachitira, lopanda ulemu ndi nkhalamba. Ndinangomva pii! pii! piii! kumsewu, chopela chija cha matayala atatu chikubwera mokhotakhota ngati chikuvina, mbuzi za anansi zikumwazika. Mnyamata woyendetsa sanazimitse n'komwe injini. Anadumpha, nagwada m'matope a madzi anga ochapira, buluku lake loyera n'kuthera pomwepo.

"Agogo, avomera!"

"Wavomera ndani, mwamuna wanga? Lankhula bwino, makutuwa ndi akale."

"Azakhali avomera! Akuti Sabudu, Loweruka likubwerali, akubwera ndi ankhoswe. Akuti mdzukulu wanu ndi wathu."

Ayi ine, ayi ine! Miyendo iyi imene imakana kukwera shapa, kaminibasi kathu kaja, inaiwala kuti ndi yokalamba. Ndinavina ndi siketi yonyowa m'manja, ndinavina mozungulira beseni, ndinavina mpaka beseni linagubuduzika. Nthungululu yanga inafika kumsika, galu wa anansi analowa pansi pa bedi, ndipo ine ndinkangoti: avomera, avomera, a ku Tsangano avomera!

Inu amene simutidziwa mukuti nkhalambayi yapenga, ukwati umachitika tsiku ndi tsiku. Khalani pansi ndikuuzeni. Ukwati uwu unatsala pang'ono kufa, ndipo anauukitsa ndi malaya a munthu.

Ife tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndi mwana wanga wamkazi ndi mphika umodzi. Tinapeza malo ku Chimadzi, tinaumba njerwa, tinakhala. Mwana wangayo anabereka kamtsikana, kenaka anatisiya kamwanako kakuyamba kumene kuyenda. Bambo wake anapita kukafuna ntchito ku malasha ku Moatize, ndipo njira yobwerera anaiiwala, ngakhale mlatho wa pa Zambezi uli pomwepo. Kamtsikana kanakhala kanga. Ndimakatcha mkazi mnzanga, chifukwa kanalanda bedi langa, bulangeti langa ndi mtima wanga.

Tsiku loyamba kugwa anali atafika msinkhu wosenza kandowa kakang'ono. Tinali pampopi, amayi ambirimbiri pamzere. Ndinamva kulira kumodzi, kwachilendo, ngati mawu afinyidwa pakhosi. Nditacheuka, mwana wauma gwa ngati thabwa, maso atembenukira kumwamba, n'kugwa chagada. Kenaka manja ndi miyendo zinayamba kugwedezeka, kugwedezeka, thovu kukamwa, milomo kuda. Ndinaitana dzina lake, sanandimve.

Ndinakweza maso kuti wina andithandize. Pampopi panalibe munthu. Ndowa zokhazokha, mzere wa ndowa, madzi akutayika. Eni ake anali kuthamanga, aliyense atatsina mphuno. Mayi wina wonenepa, amene ndikamupempha kuti anditule mtolo amati msana ukumupweteka, anadumpha mpanda wa minga ngati mbuzi yaing'ono, dzanja lili pamphuno. Paja kwathu kuno amati wa khunyu akagwa n'kuphwisa, amene wanunkhiza mpweyawo watenga matenda. Ndiye anthu sadikira kuti amve ngati waphwisadi. Amathawiratu.

Mmodzi yekha anabwerera, mayi wogulitsa makala, wamtima wabwino, atamanga mpango kumphuno ngati wakuba. Anabwera ndi supuni. Anati mwana ameza lilime, n'kuikankhira m'kamwa. Lilime silinamezedwe, koma dzino lakutsogolo linabenthuka. Mpaka lero likadali lobenthuka, ndipo mnyamata wa chopela akuti n'limene linamukopa. Anyamata a masiku ano!

Kuyambira pamenepo pakhomo panga panasanduka poopsa. Alendo ankabwera, koma madzi samamwa pokhapokha aone ndi maso awo kuti chikho cha mwana chili pachokha. Chinali chikho chachitsulo chobiriwira. Ndinachikhomera msomali pakhonde kuti aliyense azichiona chikulendewera. Alendo akachoka, ine ndi mkazi mnzanga tinkamwera chilichonse chimene chili pafupi.

Ndinayenda, ana inu, ndinayenda. Kutsidya kwa Zambezi kwa asing'anga ndinasiya nkhuku yakuda, mwana anafukizidwa utsi mpaka kutsokomola ngati wosuta fodya. Kwa opempherera anamukuwira m'makutu kuti chiwanda chituluke, amene anatuluka ndi mwana, kuthawa. Nkhuku zinatha m'khola, kugwa kunalipobe. Pomaliza mayi wogulitsa tomato anandikoka dzanja n'kuti mlongo wake amalandira mankhwala a zimenezi kuchipatala chachikulu, ndipite.

Kumeneko ndinapeza namwino, mtsikana wa mawu okoma, wosakaniza Chinyungwe, Chiputukezi ndi Chinyanja cha amayi ake a ku Angónia. Anamuyeza mwana, anandifunsa mafunso ambiri. Ndinamuuza kuti mwanayu ali khanda anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka. Anagwedeza mutu.

"Vovo, agogo anga, kwanu kuli magetsi?"

"Kwa anansi alipo."

"Munaonapo babu likuthwanima, kuthwanima, kenaka phethi, kenaka n'kuyakanso?"

"Ndinaona. Timatukwana."

"M'mutu mwa munthu mulinso timagetsi take. Mwa mwanayu nthawi zina timabwera tonse pamodzi mwamphamvu. Thupi limauma, limagwedezeka, kenaka zimazima, mwana amagona, n'kudzuka wotopa, mutu ukupweteka, osakumbuka kanthu. Si chiwanda, si ufiti. Ena zimawayamba chifukwa cha malungo a m'mutu, ena anavulala mutu, ena anabadwa movutikira, ena sitidziwa n'komwe. Ndipo si onse amagwa. Ena amangoti duu, kuyang'ana patali pakati pa nkhani, kenaka n'kupitiriza. Ena limagwedezeka dzanja lokha."

Ndinayang'ana kuchitseko, ndinatsitsa mawu. "Nanga akaphwisa?"

Namwino anaseka mpaka anagwira tebulo. "Vovo, akaphwisa, chimene mungatenge ndi fungo basi."

Anandipatsa makompirimidu, timbulu toyera, n'kuti mwana azimwa tsiku lililonse, ngakhale ali bwino, ngakhale apite chaka osagwa, osasiya popanda iwo kunena. Azigona mokwanira. Kumtsinje asapite yekha, pamoto pazikhala wina pafupi. Anandiuzanso zochita akagwa, ndi zosachita. Pomaliza anati kugwedezeka kukapitirira minutu sinku, ndiye kuti mphindi zisanu, kapena akagwa kawiri osatsitsimuka pakati, tithamange naye kuchipatala.

Minutu sinku! Ine reloju yapadzanja ndilibe, ndipo ndikanakhala nayo ikanangondiyang'ana, ine n'kuiyang'ana. Ndinamuuza kuti ine nthawi ndimaiyeza ndi nyimbo. Mtondo wa chimanga ndimadziwa kuti umatha ndi nyimbo zingati, dzira limapsa ndi nyimbo imodzi yamaliro.

"Ndiye imbani," anatero, akuyang'ana reloju yake.

Ndinatenga chuni chakale cha pamtondo, n'kuthiramo mawu ake omwewo amene anandiuza, kuti ndisawaiwale panjira:

Chotsani moto, chotsani mpeni, ee, wagwa ndi wathu
Kapulana kumutu asagunde mwala, ee, wagwa ndi wathu
Musamupane, musiyeni agwedezeke, ee, wagwa ndi wathu
Supuni ayi, supuni ayi, mano ndi ake, ee
Mgonekeni cham'mbali thovu lituluke, ee
Madzi dikirani, adzapempha yekha, ee, wagwa ndi wathu

Ndime iliyonse ndimaibwereza monga timachitira posinja. Ndisanamalize, odwala amene anali pamzere panja anayamba kuvomera. Namwino anati ndikaimba yonse katatu mwana akugwedezekabe, ndiye nthawi yothamanga yakwana.

Tsiku limene mwana anagwanso, pakhomo pomwe, ndinachotsa mbaula, ndinavula kapulana wanga, chitenje chija, n'kumutsamiritsa, ndinakhala pambali n'kuyamba kuimba. Anansi anali atathawa kale ndi mphuno zawo, koma atamva nyimbo anaima patali. Ndinamva wina akuti, "Taonani mfiti! Mwana akufa, iye akusinja!" Ine ndinali kuwerenga ndime. Ndisanamalize kachiwiri mwana anafewa, anapuma mozama, anagona. Patapita kanthawi anatsegula maso n'kupempha madzi.

Basi, m'mawa mwake sindinalinso mfiti, ndinali sing'anga. Mbiri inayenda kuchokera ku Chimadzi mpaka ku Chingodzi kuti kuli gogo woimbira ogwa, akaimba amadzuka. Ndinafotokoza kuti nyimboyo ndi reloju chabe, mwana amadzuka yekha, sanandimvere. Kunabwera bambo wina wa Chisilamu wogwira ntchito ku malasha, nkhuku yoyera kukhwapa, mwana wake wamwamuna kumbuyo. Anati mwanayu aphunzitsi amamukwapula kuti ndi wamwano, amangoti duu akamufunsa. Ndimuimbire. Ndinayang'ana mwana, ndinayang'ana nkhuku. Ndinati, "Bambo, nkhuku siyani, ndi ya ulendo. Tiyeni tikwere shapa." Ndinawaperekeza kwa namwino uja. Mwanayo lero ali kusekondale. Nkhuku inali yonona.

Koma chimene nyimbo inachitadi ndi china. Anthu a ku Chimadzi sangamve nyimbo osavomera, pakhosi pamawayabwa. Ulendo wotsatira anaima kumpanda, atatsina mphuno, n'kumavomera: "wagwa ndi wathu." Yesani nokha kuimba mutatsina mphuno. Mawu amatuluka ngati a bakha. Anayang'anana, anasekana, mayi wonenepa uja anayamba kuchotsa dzanja chifukwa iye ndi wa kwaya ndipo mawu ake amawanyadira. Ena anatsatira. Palibe amene anadwala. Kutsina mphuno kunathera pamenepo, popanda msonkhano.

Ndi makompirimidu aja kugwa kunachepa, kunachepa, mpaka tinkaiwala. Mkazi mnzanga anakula, anaphunzira kusoka, anapeza makina ake pakhonde la sitolo pafupi ndi msika. Mnyamata wa chopela ankamunyamulira mitolo ya nsalu, ndipo ndinaona kuti mitoloyo ikuchepa koma maulendo akuchuluka. Mtsikana anamuuza yekha za matenda ake tsiku loyamba limene anamufunsira. Mnyamata sanathawe. Anabwera kwa ine kuti ndimuphunzitse nyimbo. Amaimba ngati mbuzi yomangidwa padzuwa, koma mawu onse amawadziwa.

Vuto linali kumapiri, ku Tsangano. Mnyamatayu ndi wamasiye, analeredwa ndi azakhali ake, ndipo azakhaliwo atamva anatumiza mawu amodzi: khunyu m'banja mwathu ayi. Mnyamata anati tingokwatirana basi. Mtsikana anakana. Anati m'banja la eni salowera pazenera, azakhali akakana ndiye kuti zatha. Ananena molimba, koma usiku ndinkamva bedi likugwedezeka, osati ndi matenda, ndi misozi. Makina osokera anayamba kukhala chete. Chakudya ankangochitembenuza. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa mwana wosagona ndi wosadya ndiye amene amagwa.

Ndinafunsa mnyamata kuti, kodi azakhali akowo alibe mwamuna woti angawalankhule? Anaweramitsa mutu. Anati alipo, munthu wofatsa, mlimi wa mbatata, kale anali mkulu wa mpingo. Chaka china anagwa pamwamba pa lole ya mbatata n'kumenyetsa mutu, anachira, koma kuyambira pamenepo anayamba kumwa. Amapezeka atagwa kumunda, atagwa panjira, akununkha nipa, kachasu uja. Ku mpingo anamutsitsa paudindo. Chodabwitsa, anatero mnyamata, palibe amene anawaonapo atagwira botolo. Amamwa mobisa kwambiri.

Kenaka kunabwera mawu akuti azakhali akubwera eni ake, kudzakana pamaso, kuti nkhani ithe. Ndinasesa bwalo. Mlongo wanga anamwalira kalekale, ndiye woimira banja lathu ndinapempha akumpadre anga, anzanga akale oyandikana nawo, nkhalamba ya Chinyungwe, msodzi wakale. Munthu wabwino, koma nipa ya masau amaidziwa kuposa mmene amadziwira adzukulu ake. Ndinawapempha kuti tsiku limenelo abwere owuma. Anabwera owuma ndi okwiya.

Alendo anafika masana, dzuwa lili paliwombo. Anayenda usiku wonse pa lole ya mbatata osagona, kuchoka kozizira kwawo kudzalowa mu ng'anjo yathu ino. Azakhali anabwera ndi amuna awo aja, bambo a mu jekete yakuda, batani mpaka pakhosi, thukuta likuyenderera. Azakhali anali ndi chikwama chachikulu pamimba, ndi kansalu pamphuno. Asanakhale ananyowetsa chala n'kuchikweza m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikuchokera, n'kusuntha mpando. Ndinawapatsa madzi. Anatulutsa chikho chawo ndi madzi awo a ku Tsangano, ofunda ngati msuzi. Anansi anali atadzaza kumpanda, aliyense akunamizira kuyanika zovala.

Mkazi mnzanga anatuluka atavala kapulana watsopano, nagwada kupereka moni. Azakhali anagwira mpweya. Mtsikana anafunsa za ulendo, za kumudzi, za mbatata, mwaulemu, mosafulumira, azakhali akufufuma, maso akutuluka. Ndinachita kumukodola kuti abwerere m'mbuyo, mlendo angatifere pabwalo.

Atapuma anayamba. "Mayi, ine sindinabwere kudzakangana. Mtsikanayu ndi wooneka bwino, koma katundu amene wasenza ndi wolemera. Mwana wanga ndinamulera movutika. Adzadya naye mbale imodzi, adzagona naye chipinda chimodzi, mawa ndidzamva kuti wagwa ndi chopela chake mu Zambezi. Ana onse adzabadwa akugwa. Kwathu kulibe zimenezi. Chiyambire makolo athu, kulibe."

Mtsikana anayankha maso ali pansi. "Amayi, matendawa sapatsirana. Agogo agona nane kuyambira ndili mwana. Za ana ndinafunsa kuchipatala, anati ambiri amabadwa bwinobwino, bola ndikawauze ndisanatenge pakati kuti aone mankhwala anga."

"Achipatala sadzakhala nawe m'nyumba. Ine ndanena. Bambo, nenani inunso, musangokhala ngati thumba."

Bambo anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka si mawu. Kunali kulira kuja, kumodzi, kofinyika, kumene ine ndingakuzindikire ngakhale ndili m'manda. Anauma gwa pampando, maso m'mwamba, n'kugwera pansi ndi mpando womwe. Miyendo inayamba kumenya fumbi.

Ine ndisanadzuke, ndinaona dzanja la azakhali likulowa m'chikwama mwachangu ngati la wakuba pamsika. Linatuluka ndi kabotolo. Anawerama ngati akumasula batani, n'kuwaza, kuwaza pajekete, pamalaya. Fungo la nipa linadzaza bwalo.

"Aledzeranso!" anakuwa, akuyang'ana kumpanda. "Taonani manyazi! Bambo awa ndi mowa! Pepani anthuni, amwera panjira!"

Mkazi mnzanga anali atakankha kale mpando, atachotsa mbaula ya tiyi. Anavula kapulana wake watsopano uja, anaupinda, n'kuulowetsa pansi pa mutu wa bambo. Anamasula batani lapakhosi. Anandiyang'ana. "Agogo, yambani."

Ndinayamba. Chotsani moto, chotsani mpeni. Ndipo mpanda wonse unavomera, amayi, ana, wogulitsa makala, mawu anayi ngati pa Pasaka: ee, wagwa ndi wathu! Azakhali anazungulira mutu uku ndi uku, kansalu kapamphuno katagwa. Dzanja linalowanso m'chikwama, linatuluka ndi supuni yokulungidwa nsanza, yooneka kuti yagwira ntchito zaka zambiri. Mwamwayi tinali titafika pandime yake. Bwalo lonse linawaloza chala: supuni ayi, supuni ayi, mano ndi ake! Wogulitsa makala ndiye ankakuwa kuposa onse. Supuni inabwerera m'chikwama.

Ndili pakati pa ulendo wachiwiri, kugwedezeka kunachepa, kunaleka. Mtsikana ndi mnyamata anawatembenuzira cham'mbali, thovu linatuluka, anayamba kupuma mokoka ngati ogona tulo tatikulu. Buluku linali litanyowa. Mtsikana anavula mpango wake wakumutu n'kuwafunditsa m'chiuno.

Apa akumpadre, amene fungo lija linali litawadzutsa ngati belu, anayandikira ndi ndodo yawo. Anagwada. Ananunkhiza jekete. Ananunkhiza malaya. Ananunkhiza pakamwa, nthawi yaitali, mwaluso. Anadzuka n'kupukusa mutu.

"Kumadre," anatero kwa ine, "ine ndamwa kuyambira nthawi ya Aputukezi. Ndaona amuna oledzera, akazi oledzera, ndinaonapo nkhumba yoledzera. Koma malaya oledzera mwini wake ali wowuma, ndayamba lero. Shamwali uyu m'kamwa mwake muli tiyi yekha." Anatembenukira kwa azakhali. "Ndipo mayi, nipa yabwino chonchi mukumwetsa jekete?"

Kumpanda wina anaphulika kuseka, wina anamutseka pakamwa. Mnyamata wa chopela anayang'ana azakhali ake ngati akuwaona koyamba.

Patapita kanthawi bambo anatsegula maso. Anayang'ana mtengo, anayang'ana anthu, ananunkhiza malaya awo. Anafunsa motsitsa, mwachizolowezi, ngati munthu amene wafunsa funso limenelo kambirimbiri:

"Ndaledzeranso?"

Kuseka konse kunatha. Mtsikana anawagwira dzanja. "Ayi, bambo. Mwagwa. Ngati mmene ndimagwera ine."

Bambo anamuyang'ana. Kenaka anapempha madzi. Mwana wa anansi anathamangira pakhonde n'kutenga chikho chimene chinali pafupi, chobiriwira chija cha pamsomali. Bambo anamwa, anapempha ena.

Azakhali anakhala pansi, pafumbi, miyendo tambalale, chikwama pambali. Analira ngati mwana. Anati chiyambire ngozi ya lole ija akhala akuyenda ndi kabotoloko kulikonse, kumunda, kumaliro, kutchalitchi. Anali ndi ana aakazi atatu osakwatiwa. Ndani akanawafunsira? Ndani akanagula mbatata ya m'munda wa munthu wa khunyu? "Chidakwa anthu amachiseka, koma amadya nacho," anatero. "Ndinasankha kuti azisekedwa." Ndipo bambo, amene sanalawepo dontho chibadwire, anavomera kukhala chidakwa cha mudzi wonse, anavomera kutsitsidwa ku mpingo, mpaka masiku ena ankadzifunsa ngati amamwadi ali mtulo.

Ndinkaganiza kuti pamenepo avomera ukwati. Ayi ndithu. Manyazi ndi chinthu cholimba. Anadzuka, anakuntha fumbi, anati akukagona kwa mbale wawo ku Francisco Manyanga. Za ukwati sananene kanthu. Mtsikana anangouza mnyamata kuti, "Mawa m'mawa ubwere ndi chopela, tiwaperekeze bambo kuchipatala. Za ife zisiye." Anapita. Bambo analandira makompirimidu awo ndi tsiku lobwereranso. Azakhali anadikira panja pa geti, ndipo madzulo anakwera lole kubwerera kumapiri osatsanzika.

Tinadikira. Masau anapsa, anagwa, ana anatola, tinayanika. Mnyamata ankabwera n'kukhala pakhonde. Ine ndinkapemphera ndikusinja, ndikusesa, ndikuchapa, mpaka tsiku la thovu m'zigongono lija. Akuti bambo chiyambire mankhwala sanagwenso. Akuti Lamulungu lina anaimirira okha m'tchalitchi n'kunena kuti, abale, ine sindimwa, ndimadwala, ndipo amene anandiuza dzina la matenda anga ndi mtsikana wa ku Chimadzi amene akazi anga akumukana. Akuti azakhali anafuna kulowa pansi pa benchi. Akuti atafika kunyumba madzulo anayamba kusankha mbatata zikuluzikulu n'kumaika m'thumba.

Sabudu linafika. Tinapha mbuzi, tinaphika mpunga, tinakazinga chikowa, nsomba youma ija, fungo mpaka kumsewu. Azakhali anatsika m'chopela opanda kansalu pamphuno. Anayenda molunjika kwa ine, anagwada, ine ndinagwada, maondo athu onse akulira.

"Asewere," anatero, "kunja kwatentha. Ndipatseniko madzi."

Ndinatuma mwana kuti atenge tambula yagalasi ya alendo. Anakana. Analoza pamsomali. Anamwa chikho chonse pamaso pa Chimadzi yense, madzi akutsikira pachibwano, n'kuitana mkazi mnzanga kuti, "Mpongozi, bwera ukhale pafupi, mphepo ichokere kulikonse." Kenaka anapisa m'chikwama. Tonse tinagwira mtima. Anatulutsa kabotolo kaja n'kupatsa akumpadre. Akumpadre anakapenyetsetsa padzuwa, anati "Ndatenda," n'kukaika pamalo pake poyenera.

Msomali uja ndinauzula madzulo omwewo ndi manja angawa.

Tsono ndiwatchule amene anabwera kudzakondwera nane, ndiwatchule monga timawaitanira kuno, wina asadzati gogo anandiiwala. Anabwera mayi wa makala, ee, ndi supuni zake zogawira mpunga basi. Anabwera mayi wonenepa wa kwaya, analowera pageti, mpanda sanadumphe. Anabwera mayi wa tomato ndi mlongo wake. Anabwera bambo wa ku malasha ndi nkhuku ina yoyera, ndi mwana wake wa kusekondale wamtali kuposa chitseko. Anabwera namwino wanga, reloju padzanja, anavina mpaka nsapato inathyoka. Anabwera osoka anzake a pakhonde la sitolo, atavala nsalu imodzi. Anabwera oyendetsa zopela, mzere mpaka kumpopi, pii pii pii. Anabwera ana aakazi atatu a ku Tsangano ndi amuna awo ndi makanda kumsana. Anabwera ankhoswe, amalume awiri a zipewa. Anabwera akumpadre, anabwera owuma, anapita onyowa. Anabwera bambo a jekete yakuda, yochapidwa, yonunkhira sabau, makompirimidu m'thumba lapamtima. Anabwera asewere anga, asewere anga a chikwama chopepuka. Anabwera mwamuna wanga wa chopela, anaimba, mbuzi zinavomera. Ndipo pakati pa onse, pamphasa yatsopano, mkazi mnzanga, mdzukulu wanga, akuseka, dzino lobenthuka lili panja, ee, wathu, wathu, wathu.